Mmene Ndinalawira Tawny Port wa Zaka 10

Ndisanatsegule botolo, ndinakhala nalo patebulo ndikuwerenga zolembedwa pa lebulo yake, chifukwa pa port, vinyo wotsekemera ndi wamphamvu wa ku Portugal, mawu ochepa amene ali pabotolo amamuuza munthu zambiri za zimene akumane nazo m'galasi. Langa linali lolembedwa kuti Tawny wa zaka 10, mtundu wa port wokhwimira m'migolo ya matabwa, ndipo ndinalisankha dala chifukwa mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa zaka 20 kapena 30. Ndinkafuna kudziwa ngati vinyo wokhalitsa wa mtengo wofikirika angathe kusonyezadi ukalamba wake, kapena ngati nambala yapabotoloyo ingokhala yokopera ogula.

Pakhosi pa botolo panali kapepala kotsimikizira ka bungwe la Instituto dos Vinhos do Douro e do Porto, lomwe limayang'anira vinyo ameneyu ku Portugal. Kapepalako n'kofunika chifukwa nambala 10 sitanthauza kuti dontho lililonse lakhala zaka 10 mumgolo. Wopanga amasakaniza vinyo wa zaka zosiyanasiyana, wina wocheperapo msinkhu, wina wokhalitsa kuposa pamenepo, ndipo akatswiri olawa a bungweli amayenera kuvomereza kuti kakomedwe kake kakugwirizana ndi msinkhu wolembedwawo. Kumbuyo kwa botolo ndinafufuza chaka chimene vinyoyo anathiridwa m'botolo, ndipo ndinapeza kuti panali patadutsa nthawi yochepa. Izi zinandikondweretsa, pakuti tawny amakhwimira mumgolo, ndipo akangolowa m'botolo sakomanso kuposa mmene analili. Kumusunga zaka zambiri m'kabati kumangomuchotsera kutsitsimula kwake.

Kuti munthu aweruze bwino vinyoyu, ayenera kudziwa mmene amapangidwira, chifukwa ubwino wake ndi zilema zake zonse zimachokera pamenepo. Mphesa zake, monga Touriga Nacional, Touriga Franca ndi Tinta Roriz, zimalimidwa m'mapiri otsetsereka a chigwa cha Douro, dera limene malire ake anaikidwa mwalamulo mu 1756. Madzi a mphesazo amawira kwa masiku awiri kapena atatu okha, kenako amathiramo mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku vinyo, wa mphamvu ya 77 peresenti. Mowawo umaimitsa kuwirako shuga wa mphesa asanathe, ndipo n'chifukwa chake port amakhala wotsekemera komanso wamphamvu, pafupifupi 20 peresenti. Pa mgolo wa malita 550, mowa wothirawo umakhala pafupifupi malita 115. Ndi mowa wambiri ndithu, ndipo funso lalikulu limene ndinali nalo polawa linali lakuti: kodi zaka zamumgolo zaugwirizanitsa mowawo ndi vinyo mpaka kukhala chinthu chimodzi, kapena ukumvekabe paokha?

Poyamba ndinalakwitsa chinthu chimodzi chimene chikanandipangitsa kumuweruza molakwika vinyo wabwino. Ndinathira vinyoyo asanazizire, m'chipinda mukutentha, ndipo nditayandikitsa mphuno pagalasi chimene ndinamva ndi ukali wa mowa wokhawokha, woyabwa m'mphuno moti fungo lina lililonse linabisika. Ndinatseka botolo ndi chitsekerero chake, chomwe ndi chachifupi komanso chosavuta kubwezera, n'kuliika mufiriji kwa pafupifupi ola limodzi. Tawny amafunika kukhala wozizirira pang'ono, cha m'ma digiri 12 mpaka 14, ndipo kusiyana kumene ndinakuona nditathiranso kunali kwakukulu kwambiri.

Ndinatenga galasi laling'ono lopapatiza kukamwa, ndikuthiramo vinyo wosafika ngakhale theka. Sipanafunike kumukhuthulira m'chotengera china, chifukwa nsenga zake zinatsalira kale m'migolo pamene ankamusuntha kuchoka mumgolo umodzi kupita mu wina. Ndinapendeketsa galasi pamwamba pa pepala loyera. Pakati panali pofiira moderapo, koma m'mphepete, pamene vinyo amapyapyala, mtundu unkasanduka wa mkuwa, wopita ku lalanje. Mphepete imeneyo ndinaiyang'ana nthawi yaitali, popeza ndi pamene mpweya umasiya chizindikiro chake. Matabwa a mgolo amalowetsa mpweya pang'onopang'ono kwa zaka zonsezo, ndipo kufiira kwa mphesa kumazilala n'kusiya mtundu umene unapatsa vinyoyu dzina lake, pakuti tawny m'Chingerezi ndi mtundu woderapo wopita ku lalanje. Pa zaka 10 kufiira kumayenera kutsalako. Kukanakhala kuti kulibiretu, kapena vinyoyo akanakhala wotuwa ndi wamatope, ndikanayamba kukayika.

Fungo ndinalitenga kawiri. Koyamba sindinagwedeze galasi, ndipo ndinamva mphesa zouma ndi nkhuyu zouma. Kenako ndinalizunguza pang'ono, ndikununkhiza mwachidule m'malo mokoka mpweya wambiri, chifukwa vinyo wamphamvu chonchi amatopetsa mphuno msanga. Apa panatuluka fungo la mtedza wokazinga, la shuga wopsereza, ndi la khungu la lalanje louma. Chipatso chofiira chinalipobe chapansipansi. Kusakanikirana kwa zipatso zimene zikuzilala ndi fungo la mtedza limene likubwera n'kumene ndimakukonda pa msinkhu uwu, ndipo ndikuganiza kuti anthu amene amathamangira wa zaka 20 poganiza kuti wa zaka 10 ndi wosakhwima amaphonya kukoma kumene wamkuluyo alibenso. Ndinafufuzanso zilema: fungo lachinyontho ngati la katoni yonyowa, limene limachokera ku chitsekerero choipa, ndi fungo lakuthwa la viniga. Loyambalo panalibe. Lachiwirilo linamveka pang'ono zedi, ndipo pa vinyo wokhalitsa mumgolo kachidutswa kotero kamautsa fungo lonse m'malo moliwononga.

M'kamwa ndinaika vinyo wochepa, wokwana supuni yaing'ono, ndikumuyendetsa lilime lonse ndisanameze. Kutsekemera ndiko kumabwera koyamba, ndipo kumanyenga, chifukwa chilichonse chotsekemera chimakoma pa kamphindi koyamba. Choncho ndinadikira kuti ndimve ngati pali kuwawasa kokwanira kunyamula shugayo. Kunalipo: m'mbali mwa lilime munatuluka malovu, ndipo m'kamwa simunatsale kunanda ngati mmene zimakhalira munthu akanyambita uchi. Kukhakhala kumene vinyo wofiira wosakhwima amasiya m'nkhama kunali kutatheratu. Nditameza ndinawerenga chamumtima kuti ndione kuti kukoma kukhala nthawi yaitali bwanji, ndipo kunapitirira masekondi 20, mtedza ndi lalanje zili patsogolo.

Apa ndi pamene ndinapeza chofooka chake. Kumapeto kwenikweni, kukoma kwina konse kukuzilala, kummero kunatsala kutentha kwa mowa kumene kunaima paokha. Sikunali koopsa, koma kunamveka, ndipo ndinakulemba m'kabuku kanga monga chinthu chimene chikusiyanitsa botolo ili ndi ena okhalitsa kwambiri, amene mowa wawo umasungunukiratu m'vinyo. Kuti nditsimikize kuti sindikudzinamiza, ndinathira m'galasi lachiwiri tawny wamba wopanda nambala ya zaka, yemwe nthawi zambiri amakhala mumgolo zaka zochepa chabe. Mtundu wake unali wofanana pang'ono ndi wa mnzake, koma m'kamwa anali wopyapyala, shuga ndi mowa zikuyenda padera, ndipo kukoma kunatha nditangomeza. Kuyerekeza kumeneko kunandisonyeza chimene ndalama zowonjezerazo zinagula.

Sindinamalize kuweruza usiku womwewo. Ubwino wa tawny ndi wakuti anazolowera kale mpweya, choncho botolo lotsegula limatha kukhala mufiriji milungu ingapo osawonongeka, ndipo izi zimapatsa munthu mpata wolawa kangapo ali ndi lilime lopumula. Pa tsiku lachitatu kutentha kwa kummero kuja kunali kutachepa, ndipo nkhuyu zinamveka bwino kuposa poyamba. Patatha milungu iwiri zipatso zinayamba kubwerera m'mbuyo, shuga wopsereza n'kukhala patsogolo. Pofika sabata yachinayi vinyoyo anali akumwekabe, koma kutsitsimula kuja kunali kutapita.

M'kabuku ndinalemba kuti ukalamba wake ndi weniweni, wooneka m'mphepete mwa galasi komanso womveka m'fungo la mtedza, kuti kuwawasa kukunyamula bwino shuga, ndi kuti mowa sunagwirizane kotheratu ndi vinyo kumapeto. Ndinawonjezera kuti ndidzagulanso, ndi kuti botolo lotsatiralo ndidzaliziziritsa ndisanalitsegule n'kulimaliza milungu iwiri isanathe.