Kunyanja polipira pang'onopang'ono: mbiri ya bizinesi yathu

Kuchoka ku Blantyre kukafika pa boma la Mangochi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Galimoto ikanyamuka mbandakucha, dzuwa lisanafike paliwombo anthu amakhala ataponda kale mchenga. Koma kuno ku Ndirande, mukafunsa amayi a mumsika, anyamata a kabaza kapena alonda a m'mashopu a ku Limbe ngati nyanja adaionapo, ambiri amayankha kuti amangoiona pa kalendala. Chambo amachidziwa bwino, koma madzi amene chimachokera sadawakhudzepo. Ine ndi amuna anga tidayambitsa bizinesi yathu yotengera anthu kunyanja chifukwa cha anthu amenewa, ndipo nafenso tinali m'gulu lomwelo.

Bambo akunyumba ankayendetsa minibasi ya eni ake, ine ndinkagulitsa kaunjika, komanso ndinali mlembi wa banki m'khonde ya m'dera lathu. Chaka china tikuyandikira kugawana ndalama mu Disembala, mayi wina anati m'malo mogula zitenje zofanana monga mwa nthawi zonse, bwanji tikaone nyanja. Ena anaseka, amvekere, "Amayi inu, zimenezo n'za mabwana." Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi kope langa la gulu. Ndinawerengera ndalama yobwerekera basi, mafuta ndi chakudya, n'kugawa ndi chiwerengero cha mipando, kenako n'kugawanso ndi masabata amene timakumana pa chaka. Ndalama imene inatuluka inali yoti aliyense wa ife ankatha kuipeza sabata ndi sabata. Chaka chotsatira tinapita. Pobwera, magulu ena oyandikana nafe anayamba kufunsa kuti ifenso mutitengako liti.

Mpaka lero ntchito yathu yagona pamenepo. Munthu amalembetsa kudakali miyezi ingapo, n'kumaponya zochepa zimene wapeza, pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Aliyense ali ndi khadi lake lodindidwa. Wina akagwa m'mavuto, kaya matenda kaya maliro, timam'bwezera ndalama yake yonse, chifukwa wosauka sangalole kutsekera ndalama pamalo pomwe sangaitenge tsiku la tsoka. Chakudya timanyamula tokha: mpunga, nkhuku, thobwa, mbaula ndi makala. Nsomba zokha ndi zimene timakagula kwa asodzi komweko.

Kafukufuku wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero wa 2019 ndi 2020 adapeza kuti anthu pafupifupi 51 mwa 100 alionse m'dziko muno ndi osauka. Anthu akamva zimenezi amati basi, nkhani yatha, osauka sapita kokasangalala chifukwa alibe ndalama. N'zoona, koma sizonse. Chimene ndaona chikuwamanga kwambiri anthu athu ndi tsiku lenilenilo. Lamulo la ntchito limati wolembedwa ntchito akhale ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena masiku 15 ngati amagwira asanu. Nanga wa ganyu tchuthi am'patsa ndani? Mayi wogulitsa tomato akatseka benchi tsiku limodzi, tomato akuwola, makasitomala apita kwa mnzake, ndipo madzulo ana afunabe nsima. Ulendo umodzi iye amaulipira kawiri: mtengo wa mpando ndi phindu la tsiku limene sanagulitse. Mtsikana wantchito ya m'nyumba, pa Khirisimasi pomwe abwana ake akupita kunyanja, amatsala kulondera nyumba, kapena amam'tenga kuti azikanyamula mwana. Wina woteroyo anandiuza kuti ku Mangochi adafikako kangapo, koma m'madzi sadalowepo.

N'chifukwa chake maulendo athu ambiri ndi a tsiku limodzi, ndipo timawaika Lamulungu kapena pa tchuthi cha boma. Timanyamuka kudakali mdima n'kubwerako usiku womwewo, kuti Lolemba aliyense akhale ali pa geni yake. Tsiku lotangwanika kuposa onse ndi 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Ana angapo amasonkherana kulipirira mayi awo mpando umodzi, ndipo basi imadzaza ndi agogo ovala zitenje zatsopano, nyimbo za kwaya kuyambira pa siteji mpaka ku Zomba.

Sitithamangira kunyanja ngati kuti m'njiramo mulibe kanthu. Pa Liwonde timaima kuti anthu aone mtsinje wa Shire ndi zitseko za baraji zimene zimawongolera madzi opita kumakina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ambiri amadabwa kumva kuti magetsi a ku Ndirande amadalira madzi amenewo. Pa boma la Mangochi timawaonetsa chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Gulu likakhala kuti lasonkha zokwanira, timapitirira mpaka ku Cape Maclear, m'paki ya Lake Malawi imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, idaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Anthu amachoka ku Ulaya kudzaona tinsomba timeneti. Mmalawi pachipata amalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, koma palibe amene adafika ku Ndirande kudzatiuza zimenezo. N'chimodzimodzi ku paki ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015: ana asukulu amene timawatengera kumeneko amakhala ataphunzira za njovu ndi mvuu m'kalasi, osadziwa kuti zili pafupi chonchi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mipanda. Kuchokera ku Mangochi kulowera ku Monkey Bay, gombe labwino lambiri lili kuseri kwa makoma a mahotela, maloji ndi nyumba zopumulirako za makampani ndi anthu olemera. Tsiku lina pa loji ina anatibweza pachipata, ndalama yolowera ili m'manja, ati tachuluka ndipo tisokoneza alendo. Amayi akuluakulu, ena atsogoleri a mvano kumpingo kwawo, anakwera basi mwakachetechete ngati agwidwa akuba. Sindidana ndi maloji ayi. Amalemba anthu ntchito, amabweretsa ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Koma nyanja siidakumbidwe ndi munthu, ndipo ngakhale a m'midzi ya m'mbali mwake malo ochapira ndi okocheza mabwato akuwachepera chaka ndi chaka. Kuyambira pamenepo timakambirana pasadakhale ndi eni malo ang'onoang'ono komanso amfumu a m'midzi ya kugombe. Timapereka ndalama yolowera, amayi a m'mudzimo amatiphikira nsomba n'kulandira zawo, anyamata a mabwato nawonso amapezapo kangachepe.

Poti anthu athu ambiri sadziwa kusambira, za chitetezo sitichita nazo masewera. Timamanga chingwe pamalo osaya, palibe wodutsa pamenepo. Wokwera bwato avale jaketi yoyandamitsa, akakana atsale kumtunda. Mowa m'basi ndi pagombe ndi woletsedwa, ndipo lamulo limeneli latichotsera makasitomala ena achibambo, koma silisintha. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, za mabwato timaziika pambali.

Zaka zapitazi sizinatikomere. Mu 2020 COVID-19 inaimitsa zonse, tinabweza ndalama za anthu n'kubwerera ku kaunjika. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Soche, ndipo ena mwa amene anafa anali anthu amene tidayenda nawo. Kwa nthawi ndithu mtima wa ulendo panalibe. Kenako mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, pomwe mu Meyi 2022 inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti. Mafuta anakwera, obwereketsa mabasi anakweza, pamene anthu anali atatsala pang'ono kumaliza kulipira pa mtengo wakale. Wolemera zikatero amangowonjezera. Athuwa analibe poonjezera. Tinawaitana tonse n'kuwafotokozera masamu ake poyera, ndipo gulu linasankha lokha kupita kufupi, ku Mulanje, kukaona mathithi a Likhubula ndi Dziwe la Nkhalamba. Ulendo umenewo unakondedwa kwambiri moti tsopano Mulanje ndi phiri la Zomba zili pa ndandanda wathu chaka chilichonse, ndipo ndi zimene zimatipulumutsa mafuta akasowa, bambo akunyumba akagona pamzere wa pa filing'i.

Phindu lake ndi lochepa, ndisaname. Pa mpando uliwonse timapezapo pang'ono, ndipo basi ikapanda kudzaza timangobweza mafuta. Komabe latikwanira kulipirira ana sukulu ndi kugula kosta yakale, moti pa maulendo ang'onoang'ono sitibwerekanso. Tili ndi mnyamata mmodzi wothandiza dalaivala ndi mtsikana wosunga makadi.

Panopa tikukonza chinthu chimene adatipempha ndi amayi otiphikira aja a ku Mangochi. Iwo nyanja amadzuka nayo tsiku ndi tsiku, koma phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo sadazionepo, ndipo ena Blantyre amangomumva. Ayamba kale kusonkha m'banki m'khonde yawo. Vuto ndi mafuta, chifukwa kukawatenga ndi basi yopanda anthu kungakweze mtengo kawiri. Tikufuna tipite ndi gulu la kuno Loweruka, likagone m'holo ya mpingo kumeneko, basi ibwere ndi amayiwo, n'kukasinthananso Lamulungu madzulo. A mpingo avomera kale za holo. Chatsala ndi kupeza matiresi okwanira mbali zonse ziwiri.