Napolo, Freddy ndi buku la kamba wonyamula dziko

Buku la The Science of Discworld II: The Globe linatuluka mu 2002, ndipo analilemba anthu atatu a ku Britain: Terry Pratchett, mlembi wa nthano zoseketsa amene anamwalira mu 2015, Ian Stewart, katswiri wa masamu wa pa yunivesite ya Warwick, ndi Jack Cohen, katswiri wa zamoyo. Ndi lachiwiri mwa mabuku anayi a mtundu umenewu, omwe loyamba linatuluka mu 1999 ndipo lomaliza mu 2013. Mitu yake imasinthana: mutu umodzi ndi nthano, wotsatira ndi sayansi yofotokoza zimene nthanoyo yakhudza, kenako nthano ipitirira pomwe inalekera.

Nthanoyo imayambira m'dziko lophwatalala lotchedwa Discworld, limene lakhala pamsana pa njovu zinayi, njovuzo zitaima pamsana pa kamba wamkulu wosambira mumlengalenga. Akatswiri a matsenga a pa sukulu yaukachenjede ya kumeneko anapanga mwangozi chilengedwe chathuchi, nachisunga mu mpira wagalasi, ndipo amachiyang'ana modabwa chifukwa mulibe chinthu chimodzi chimene kwawo chimayendetsa zonse. Chinthucho amachitcha narrativium, ndipo ndi mphamvu yokakamiza zinthu kuchitika monga nthano ikufunira. Kwawoko mwana wachitatu wa mfumu sangalephere pamene akulu ake awiri alephera kale, monga momwe Kalulu sangalephere kupusitsa Fisi ukangomva kuti padangotero. Kwathu kuno mphamvu imeneyo kulibe. Mwala ukagumuka m'phiri sufunsa ngati amene wagona kumunsi ndi wolungama kapena wakuba.

Mfundo ya Stewart ndi Cohen ndi yakuti mphamvu imene ikusowa m'miyala ndi m'mitambo inadzaza m'mitu mwathu. Iwo amati dzina lathu la sayansi lakuti Homo sapiens, lotitama kuti ndife anzeru, n'lodzikweza, ndipo loyenera likanakhala Pan narrans, nyani wokamba nthano, popeza munthu samvetsa kanthu mpaka atakapezera woyambitsa, chifukwa ndi mathero. Ine amene ndimaphunzitsa sayansi kuno ku Mulanje sindinavutike kuvomereza zimenezi, chifukwa ndimakhala m'tsinde mwa phiri limene pafupifupi chigwa chilichonse chili ndi nkhani yake, kuyambira mizimu ya ku Sapitwa mpaka Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya Napolo. Akuluakulu amati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka n'kutsetsereka ndi madzi, matope, mitengo ndi miyala, kukokolola chilichonse chimene chili m'njira yake. Anthu a ku Zomba anatchula Napolo mu 1946, a ku Phalombe anamutchula mwezi wa Malichi mu 1991 pamene matope ochokera m'phiri la Michesi anakwirira midzi, ndipo tinamutchulanso mu Malichi 2023. Buku la sukulu limalongosola mwina. Phiri la Mulanje ndi thanthwe lolimba lokutidwa ndi dothi losazama m'malo otsetsereka, ndipo mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothilo limakhuta madzi, limalemera, kugwirana kwake ndi thanthwe kumachepa, kenako limasomphoka lonse pamodzi n'kutsata makwawa a mitsinje. Pamene mitengo inadulidwa, mizu yogwira dothi palibe, ndiye ngozi imafulumira.

Chimene ophunzira anga ambiri amayembekezera ndi chakuti ndinene kuti nthano ija ndi umbuli. Sindinena choncho. Nthano ya Napolo inasunga mfundo imene akatswiri a nthaka amaitsimikiza, yakuti matope amadutsa pomwe anadutsapo kale. Gogo wina wa m'mudzi umene ndimachita lendi anandilozera miyala ikuluikulu yobulungira imene ili pakati pa munda wa chimanga, kutali ndi phiri, nati, "Aphunzitsi, apa ndi pamsewu pa mwini wake, sitimangapo nyumba." Iwo sanaonepo mapu a malo angozi, koma chidziwitsocho chinawafika kudzera m'kamwa mwa agogo awo, chifukwa chinjoka chimakumbukika pamene lipoti la mu ofesi limaiwalika. Bukuli limanenanso za zimenezi, kuti nzeru zambiri za munthu sizikhala m'mutu mwake yekha koma m'chikhalidwe chimene anabadwiramo, ndipo nthano ndi chimodzi mwa zida zimene fuko limaumbira ana ake.

Ndipo tisadzinamize kuti ophunzira tinasiya khalidweli. Namondwe wa mu 2023 anayambira kufupi ndi Australia m'mwezi wa Febuluwale, nawoloka nyanja yonse ya Indian, nagunda Madagascar ndi Mozambique, nabwereranso kunyanja, kenako n'kudzagundanso Mozambique kachiwiri asanatifike, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'Malawi muno. Akatswiri a zanyengo anamupatsa dzina la munthu, ndipo ife tonse, pa wailesi ndi pa WhatsApp pomwe, tinkati Freddy wabwerera, Freddy wakwiya, Freddy sakufuna kuchoka. Mphepo yozungulira yotenga mphamvu m'madzi ofunda a m'nyanja tinaisandutsa munthu wa mtima woipa, chifukwa ndi mmene tikanathera kuchenjezana mwachangu.

Pa maphunziro, alembiwa ali ndi mfundo imene imandigwira ine mphunzitsi pakhosi. Amati kuphunzitsa kulikonse kumadalira mabodza ouza ana, kutanthauza malongosoledwe osavuta amene si oona kwenikweni koma amakonzekeretsa mwana kudzamva zoona zake mtsogolo. Mwana wa Sitandade 2 timamuuza kuti kuchotsa 5 pa 3 sizingatheke, kenako akakula timamuuza kuti yankho ndi -2. Timajambula pa bolodi ma elekitironi, tizigawo tating'onoting'ono ta atomu, akuzungulira ngati mapulaneti, tikudziwa kuti sayenda chotero. Choncho sayansi nayo imayenda ndi nthano. Kusiyana kwake, monga ndikuonera, n'kwakuti nthano ya sayansi imabwera ndi njira yoitsutsira. Ndikanena kuti dothi lokhuta madzi limagumuka msanga, mwana atha kutenga mabeseni awiri a dothi, kuwapendeka mofanana, kuthira madzi m'limodzi, n'kuona ngati ndanama. Za chinjoka palibe beseni loyesera.

Apa ndi pamene nthano imatha kusanduka chilombo, ndipo ife a kuno tinaziona ndi maso. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inafalikira m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi ena oyandikana nawo. Anthu anagona panja m'magulu, anyamata anatseka misewu n'kumasecha galimoto, anthu angapo osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Mphekesera yomweyi inamvekanso kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, pamene ena ankati magazi a anthu akusinthanitsidwa ndi chakudya cha thandizo. Nkhaniyi inali ndi zonse zimene mutu wa munthu umafuna: mdani wobisika, chifukwa chomveka, ndi yankho la funso lakuti n'chifukwa chiyani tikuvutika pamene ena akulemera. Umboni panalibe, koma kusowa kwa umboniwo kunkatengedwa ngati umboni wa kuchenjera kwa anamapopawo.

Gawo la nthano la bukuli likukamba za vuto lomweli mwanthabwala. Zolengedwa zokongola koma zankhanza zotchedwa elves zimalowa m'dziko lathu n'kumalamulira anthu powadzaza mantha a zinthu za mumdima. Amatsenga aja poyamba amazithamangitsa zisanayambe ntchito yake, koma amapeza kuti anthu opanda mantha ndi nthano asanduka mbuli zongokhala m'mbali mwa nyanja kumadya nkhono, osalota kanthu, osapanga kanthu. Ndiye amasintha nzeru: m'malo mochotsa nthano, amazichulukitsa ndi kuzinola, mpaka kuonetsetsa kuti mu England wa nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba mwabadwa William Shakespeare, amene sewero lake la A Midsummer Night's Dream limasandutsa zolengedwa zija kukhala zoseketsa. Chinthu chimene anthu ayamba kuchiseka chimasiya kuwalamulira.

Mfundo imeneyi ndimaivomereza theka. N'zoona kuti mphekesera sithetsedwa ndi chikalata cha boma chowerengedwa pa msonkhano, ndipo ndaonapo gulu la zisudzo la achinyamata pa msika likuseketsa anthu ndi munthu wothawa chithunzithunzi chake chomwe, anthu n'kubalalika akukambirana momasuka nkhani imene dzulo lake ankangonong'onezana. Koma nthabwala imagwira ntchito mantha akayamba kuzirala. Usiku umene khamu lazungulira mlendo ndi zibonga, chimene chimamupulumutsa ndi mfumu yolimba mtima kapena apolisi, ndipo alembi okhala ku England sanafunikire kuganizira zimenezo. Komanso kuseka sikusankha: achinyamata amene aphunzira kuseka anamapopa amasekanso gogo uja ndi msewu wake wa Napolo, n'kukaumba njerwa pakati pa miyala yobulungira ija chifukwa malo ndi ochepa, poti dera lalikulu lachonde linatengedwa kale ndi minda ya tiyi.

Bukuli lili ndi zovuta zake kwa wowerenga wa kuno. Nthabwala zake zambiri zimafuna munthu wodziwa mbiri ya England ndi masewero a Shakespeare, mitu ya sayansi ndi yaitali ndipo ina imayendayenda isanafike pa mfundo, ndiponso lili m'Chingerezi chimene mwana wa Fomu 2 sangachithe popanda womuthandiza. Chimene ndatengamo ndi kalembedwe kake kosinthanitsa mitu. Teremu ino, pophunzitsa za kukokoloka kwa nthaka, ndikupempha ophunzira kuti aliyense akafunse wamkulu wa kwawo kumene Napolo anadutsa ndi chaka chake, tidzalembe malowo pa mapu a boma lathu, kenako tidzawayerekeze ndi kumene kuli mitsinje ya Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo.