Mapulagi a iridium: amatha liti, ndipo ndimawasintha bwanji

Ndimayamba ndi buku la galimoto, chifukwa mapulagi, amene amayatsa petulo mu injini, si ofanana: amasiyana ndi chitsulo cha kunsonga kwake. Wamba a nickel amatha pa makilomita pafupifupi 30,000, pamene a platinum ndi iridium opanga galimoto ambiri amawapatsa 100,000, ena mpaka 160,000. Iridium imasungunuka pa kutentha kopitirira 2,400°C, n'chifukwa chake kansonga ka pulagi yake, ngakhale n'kakang'ono ngati 0.6 mm, sikadyeka msanga. Koma chenjerani pogula. Alipo mapulagi amene iridium ili pa kansonga kapakati pokha, kokowa ka pansi ndi ka nickel. Amenewo safika 100,000.

Pulagi ikamatha, mpata wodutsa moto umakula, ndipo koyilo, yomwe imapatsa pulagi magetsi, imavutika kuti moto udumphe. Injini imanjenjemera ikangoima, imadukiza pokwera mtunda, imavuta kulira m'mawa, petulo amapita wambiri. Pa makina oyezera mavuto a injini pamatuluka nambala ya P0300, kapena P0301 mpaka P0304 kusonyeza silinda imene ikudukiza. Nyale ya check engine ikamaphethira, osapitiriza ulendo: petulo wosapsa amakawotcha catalytic converter, yoyeretsa utsi ija ya pa ekizozi, yomwe ndi yodula kuposa mapulagi kutalitali.

Ndimadikira injini izizire kaye, poti hedi (mutu wa injini) ya aluminiyamu ikatentha, mazinga ake omangirapo pulagi sachedwa kuwonongeka. Ndikachotsa koyilo ndimapemerera mphepo m'dzenje kuti mchenga usagwere mu silinda, kenako ndimamasula ndi soketi ya 16 mm kapena 14 mm, malinga ndi pulagi.

Yotulukayo ndimaiyang'ana bwino. Ikakhala yotuwa mofiirira, injini ili bwino. Mwaye wakuda wouma ndiye kuti petulo akuchuluka. Ikanyowa oyilo cha kumtunda, mphira wa chivundikiro cha mavavu watha, ndipo kusintha pulagi yokha sikuthandiza.

Yatsopano sindiikhudza kansonga ndi choyezera, kamathyoka mosavuta, komanso imabwera mpata wake uli woyezedwa kale. Mazinga sindiwapaka girisi, chifukwa akaterera munthu amamanga mopitirira osadziwa. Ndimailowetsa ndi dzanja mpaka itakhazikika. Ikalimba isanafike, ndimabweza, yalowa mokhota. Pomaliza ndimamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira mu Nm: 25 mpaka 30 Nm pa mazinga a 14 mm (kukula kwa mazinga, osati kwa soketi), 15 mpaka 20 Nm pa a 12 mm.

Ndimasintha onse pamodzi, ngakhale yovuta itakhala imodzi, ndipo ndimalemba makilomita a tsikulo m'buku la sevisi.