Funso limene sitifunsa banja likamasowa mwana

Semesita ino m'phunziro la uchembere tafika pa mutu wa mankhwala amene amasokoneza mahomoni m'thupi, ndipo ndakhala ndikuwerenga kupitirira zimene zibwere pa mayeso chifukwa nkhaniyi yandigwira mtima. Chimene chandikhala m'mutu ndi ichi, banja likakhala nthawi osaona mwana timafunsa mafunso ambirimbiri, kuti mayi anatayapo mimba kodi, kwawo kuli ena osabereka kodi, pali amene anawamanga kodi, koma sindinamvepo munthu akufunsa bambo kuti kodi inuyo mumagwira ntchito yanji, ndipo manja anuwo amagwira chiyani tsiku ndi tsiku.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati kusabereka ndi pamene miyezi 12 yatha anthu akukhala malo amodzi osadziteteza koma mimba osabwera, ndipo lipoti lawo la 2023 linati munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vutoli nthawi ina pa moyo wake, m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Ndi anthu ambiri amenewo. Koma kwathu kuno mukudziwa mmene zimayendera, amene amalozedwa chala ndi mayi, ndi amene amamwetsedwa zitsamba, ndi amene apongozi amamunyogodola, ndi amene ankhoswe amamukhalira pansi, pomwe pa mabanja ambiri vuto limakhala kwa bambo kapena kwa onse awiri.

Nkhani imene inandiimitsa mutu ndi ya mankhwala otchedwa DBCP. Ankawathira m'nthaka kuti aphe tizilombo tija timene timatupitsa mizu, alangizi amati manematodi, vuto lomwe lija alimi a fodya ndi tomato amalidziwa bwino. Mu 1977 pa fakitale ina yosakaniza mankhwalawa ku Lathrop, m'boma la California, azibambo ogwira ntchito pocheza anazindikira okha kuti pakati pawo ndi ochepa okha amene akubereka. Sanali madokotala amene anayamba kuona, anali ogwira ntchito eni ake. Atayezetsa umuna zinapezeka kuti mwa azibambo 25, azibambo 14 analibe mbewu ndi imodzi yomwe kapena anali nazo zochepa kwambiri, ndipo amene anagwira ntchitoyo nthawi yaitali ndi amene anaonongeka kwambiri. Chowawa nchakuti pofika 1961 kafukufuku wa pa makoswe anali ataonetsa kale kuti mankhwalawa amafotetsa machende. America inawaletsa mu 1979 kupatula pa minda ya chinanazi ku Hawaii, koma m'minda ya nthochi ku Costa Rica, Nicaragua, Honduras ndi kwina anthu masauzande anali atawagwira kale ndi manja, ena mpaka atawaletsa kale kumene ankapangidwako, ndipo milandu yawo yakhala ikuyenda m'makhoti kwa zaka zambiri.

Pali chinthu chimodzi pa nkhani ya DBCP chimene ndikufuna azibambo anzathu amve bwinobwino. Azibambo aja sanagwe mu mpapaya ayi. Chilakolako chinalipo, mphamvu kuchipinda zinalipo, umuna unkatuluka ngati kale, kungoti mkati mwake munalibe mbewu. Mankhwala anapha maselo opanga mbewu koma anasiya maselo opanga homoni ya chimuna ija ya testosterone. Ndiye bambo amene amati ine ndilibe vuto chifukwa ntchito ndimagwira, sakunama, akunena zimene akuona, koma zimene zikufunikazo sizioneka ndi maso, zimafuna maikulosikopu. Kwathu kuno timasakaniza zinthu ziwirizi kwambiri ndipo amene amalipira ndi mkazi.

Tsopano nditawerenga zimenezi ndinayamba kuona Mzuzu mwa mtundu wina. Pitani m'madimba a m'mbali mwa Lunyangwa nthawi yopopera, mupeza mnyamata wabereka sipuleya kumsana, ali pa kabudula ndi patapata, sipuleyayo ikudontha, malaya anyowa msana wonse ndipo akhala nawo mpaka madzulo. Ena amasakaniza mankhwala ndi dzanja, nozo ikatsekeka amaipemerera ndi pakamwa. Ku Rumphi ndi ku Mzimba kumene kumachokera fodya amene amabwera ku okushoni kuno, nazale imapoperedwa pafupipafupi, tomato wa ku Jenda chimodzimodzi. Ndipo mankhwala ambiri amagulidwa mopimidwa, m'kabotolo ka madzi akumwa kopanda lebulo, ndiye wogulayo sadziwa dzina, sadziwa mlingo, sadziwa kuti adikire masiku angati asanakolole. Tili nalo bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira kalembera ndi kagulitsidwe ka mankhwala, koma lebulo ikatsala kwa wogulitsa, chenjezo lonse latsala komweko. Sindikunena kuti mankhwala onse a m'dimba ali ngati DBCP, ayi ndithu, koma maphunziro ochuluka a anthu ogwira ntchito ndi mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate apeza kuti mbewu zawo zimakhala zochepa poyerekeza ndi anzawo osagwira. Ndipo khungu la pakati pa miyendo limamwa mankhwala msanga kuposa la pa mkono, ndiye kabudula wonyowa uja si nkhani yaing'ono.

Kumbali ya mmene zimachitikira m'thupi, aphunzitsi athu anafotokoza mosavuta. Homoni ili ngati kiyi, selo lili ndi loko wake, ndiye mankhwala ena amafanana ndi kiyiyo moti amatsegula chitseko nthawi yolakwika, ena amangolowa mu loko nkukakamira momwemo kuti kiyi weniweni asalowe. Mahomoni amagwira ntchito pa mlingo wochepetsetsa, ndiye sipafunika mankhwala ambiri kuti zinthu zisokonekere. Koma chachikulu chimene ndaphunzira ndi nthawi. Ziwalo za mwana wamwamuna zimaumbika mimba ili pakati pa masabata 8 ndi 14, ndipo testosterone ikasokonezedwa nthawi imeneyo mwana atha kubadwa machende asanatsike, kapena kabowo kokodzera kali pansi m'malo mwa kunsonga, kapena adzakula ndi mbewu zochepa. Masabata 8 mpaka 14, anzanga. Amayi ambiri kwathu amakhala asanayambe sikelo, ena sanauze ngakhale mayi awo kuti ali ndi pakati, ndipo ndi omwewo akuchapa malaya a kopopera aja ndi manja pamodzi ndi zovala za ana, ndi omwewo akutunga madzi m'chigubu chimene munali mankhwala. Mwana wamkazi naye amabadwa ndi mazira ake onse, sadzapanganso ena, ndiye chimene chaononga mazirawo ali m'mimba chaononga basi.

Umboni woopsa wa zimenezi ndi DES, mankhwala amene madokotala ankapatsa amayi oyembekezera kuyambira cha m'ma 1940 poganiza kuti aletsa kupita padera. Amayiwo ankabereka ana ooneka bwinobwino. Mu 1971 madokotala a ku Boston ndi amene analumikiza mankhwalawa ndi khansa yosowa ya njira ya chiberekero imene inkagwira atsikana achichepere, ana a amayi aja. Kenako zinadziwika kuti ambiri mwa anawo anali ndi chiberekero chopangika molakwika, mimba zokhala m'machubu, kupita padera komanso kubereka masiku asanakwane. Zaka pafupifupi 20 pakati pa kumwa ndi kuoneka kwa vuto, ndiye mutha kuona chifukwa chake nkhanizi zimavuta kuzitsata.

Ya DDT, mankhwala ophera tizilombo ndi udzudzu, ndi imene inandivuta mumtima, chifukwa ife malungo timawadziwa, tonse tinatayapo wachibale kapena mwana wa mnzathu. Pangano la Stockholm la 2001 linaletsa DDT pa ulimi koma linalola kuti azigwiritsidwa ntchito popha udzudzu. South Africa inasiya DDT mu 1996, malungo anakwera koopsa makamaka ku KwaZulu-Natal, ndipo anabwerera kwa iye mu 2000. Koma ku Limpopo akatswiri a University of Pretoria atayeza anyamata opitirira 300 okhala m'midzi yopoperedwa, anapeza mu 2007 kuti amene anali ndi DDT wambiri m'magazi mbewu zawo zinali zofooka. DDT akalowa m'thupi amasanduka DDE, amene amatseka njira ya testosterone, amakhala m'mafuta a thupi kwa zaka ndipo amadutsa mu mkaka wa m'mawere. Ine maganizo anga ndi akuti kupulumutsa mwana ku malungo lero kuli patsogolo, koma anthu opoperedwa nyumba zawo ali ndi ufulu wouzidwa dzina la mankhwala, kutulutsa chakudya ndi ziwiya, ndi kudikira panja nthawi imene auzidwa, ndipo opoperawo apatsidwe zodzitetezera zenizeni.

Za mapulasitiki ndi zimene anthu amakonda kukamba pa Facebook, ndipo zilipodi, BPA amene amafanana ndi homoni ya chikazi ndi ma phthalate amene amachepetsa testosterone. Mayiko a European Union analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Umboni wake pa anthu sunafike pa wa DBCP, koma kutentha ndi mafuta zimathandiza mankhwalawa kutuluka, ndiye tchipisi chamoto m'kajumbo kapena kuvundikira mpunga ndi pulasitiki ndi zinthu zoti tingazisiye popanda kutaya khobidi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi kuotcha. Kuno kumazizira, makala amakhala achinyezi, ndiye ambiri timayatsira mbaula ndi jumbo titaweramira pomwepo, ndipo madzulo ku Chibavi kapena ku Zolozolo utsi wa zinyalala umadzaza msewu. Zinyalala zosakanikirana ndi mapulasitiki zikamanyeka pang'onopang'ono zimatulutsa poizoni wotchedwa dioxin. Mu 1976 fakitale itaphulika ku Seveso, ku Italy, anyamata amene dioxin anawapeza ali ana anadzapezeka ndi mbewu zochepa atakula, ndipo azibambo amene anali naye wambiri m'magazi ankabereka ana aakazi ambiri kuposa aamuna. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 linabwera mu 2015 ndipo Khoti la Suprimu linaligwiriziza mu 2019, timalikamba ngati la ngalande zotsekeka ndi ziweto basi, koma likukhudzanso matupi athu.

Mtovu ndi mercury sindikhalitsapo ngakhale ndi oopsa. Mtovu umapezeka m'mabatire a galimoto ndi a sola amene anyamata amaphwanya ndi kusungunula, komanso m'mapenti ena a mafuta. Umachepetsa mbewu za abambo, umabisala m'mafupa kwa zaka, ndipo mayi akatenga pakati umatuluka pamodzi ndi calcium nkupita kwa mwana, kupita padera ndi kuthamanga kwa magazi zimachuluka. Mercury ali m'mafuta ena oyeretsa khungu komanso kwa okumba golide. Ku Minamata, ku Japan, amayi ena amene sankaoneka odwala kwenikweni anabereka ana oonongeka ubongo chifukwa cha mercury. Mlongo wanga woyembekezera, mafuta opanda lebulo aja asiyeni chonde.

Mwina munaonapo nkhani yoti mbewu za abambo zatsika ndi theka pa dziko lonse. Inachokera kwa Hagai Levine ndi anzake, amene mu 2017 anasonkhanitsa zotsatira za 1973 mpaka 2011 za ku North America, Europe, Australia ndi New Zealand nkupeza kutsika kopitirira 50 peresenti, ndipo mu 2022 anaonjezera za ku Africa, Asia ndi South America. Akatswiri ena amatsutsa chifukwa kawerengedwe ka mbewu kasintha pa zaka zonsezi, komanso kunenepa, kusuta ndi mowa zili momwemo. Ndipo tisaiwale zathu, kuno ku Africa chimene chimatseka machubu a amayi ambiri ndi matenda, chinzonono ndi chlamydia zosachizidwa, matenda obwera pambuyo pobereka kapena potaya mimba mosatetezeka, ndi likodzo, limene kwa ife oyandikana ndi Nkhata Bay ndi nyanja yonse si lachilendo ndipo limaononga ziwalo zoberekera za amayi ndi abambo omwe. Ndiye munthu asathamangire kuti ndi pulasitiki asanayezetse zimenezi. Mankhwala ndi gawo limodzi, kungoti ndi gawo limene palibe amene amalifunsa.

Chimene chandipatsa mphamvu ndi chakuti mbewu ya bambo imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangidwe, ndipo thupi limapanga zatsopano nthawi zonse. Ena mwa azibambo a DBCP amene mbewu zawo zinangochepa anachira atasiya kugwira mankhwalawo, amene zinatheratu ambiri sanachire, ndiye kuzindikira msanga ndi kumene kumasiyanitsa. Kuyeza umuna sikupweteka, ndi kotchipa kuyerekeza ndi zimene mayi amadutsamo, WHO imaika malire a m'munsi pa mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo zotsatira zikatuluka zotsika amayezanso pakatha miyezi 3 chifukwa ngakhale malungo amphamvu amatha kuzitsitsa kwa kanthawi. Ndikapita ku pulakitiko ndikufuna banja likalowa ndizifunsa onse awiri, bambo mumapopera kodi, mankhwala anji, kangati pa sabata, mumavala chiyani, mukamaliza mumasamba nthawi yomweyo kodi, mayi amachapa zovalazo ndani, zigubu zimapita kuti, ndipo ngati botolo lilipo kunyumba abwere nalo tsiku lobwereranso kuti tiwerenge limodzi zimene zalembedwapo.