Madola 110 kuti ndingolandira mfuti yanga yomwe, nkhani ya transfer kuno ku Indiana

Abale, ndalemba izi mtima utakhala pansi tsopano, koma mukanandipeza mu October ndikanakutukwanirani shopu ina yake mpaka mukanatseka makutu. Nkhani yake ndi ya mfuti yosakira. Mnzanga wa ku ntchito, mzungu wina amene timagwira limodzi shifiti ya usiku, wakhala akundinyengerera kwa zaka ziwiri kuti tizikasaka ma deer, agwape a kunowa, kumunda kwa achimwene ake, ndiye chaka chatha ndinati basi ndiyese, popeza ngakhale agogo anga anali mlenje ndithu ndi kamfuti kawo ka gogodela. Kosi ya alenje ndinapanga, chifukwa kuno ku Indiana ngati unabadwa pambuyo pa 1986 amafuna uphunzire kaye, laisensi yosakira ndinagula, kunatsala mfuti.

Ndinaiona pa GunBroker, webusaiti imene anthu amagulitsirapo mfuti, Mossberg 500 ya 12 gauge, yogwiritsidwapo ntchito koma yooneka bwino, madola 280, wogulitsa ali ku Ohio. Kutumiza 35. Ndinati apa ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe, ndinalipira usiku womwewo ndili pa bureki.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndibwereza mpaka mutope nane: IMBANI FONI KAYE kwa amene akalandire mfutiyo musanalipire kalikonse. Ine ndinangosankha dzina pa mndandanda, shopu yaikulu yomwe ndimaidutsa pa msewu, ndikuganiza kuti akuluakulu amadziwa ntchito.

Kwa amene simukudziwa, mfuti siibwera pakhomo ngati nsapato za pa Amazon ayi. Kuyambira lamulo la 1968 lija, mfuti yochokera state ina imayenera kufikira kwa munthu wa laisensi ya boma yogulitsira mfuti, amene amangomutchula kuti FFL, iye ndiye amakulembetsa fomu 4473, nkufunsa ku FBI kudzera mu NICS, njira yawo yofufuzira mbiri ya wogula, ngati uli wololedwa, kenako nkukupatsa. Ntchito imeneyi ndiye amakulipiritsa ija amati transfer fee, ndipo mtengo wake palibe lamulo, aliyense amatchula momwe wadzukira. Boma la federal sililipiritsa kanthu pa kufufuzako, ndalama yonse ndi ya shopu.

Tracking inaonetsa kuti bokosi lafika Lachiwiri. Lachitatu ndikuimba, mtsikana wa pa foni akuti sitinailembe m'buku. Lachinayi foni osayankha. Lachisanu ndi pamene anandiuza kuti bwerani, osatchula mtengo, inenso mbuzi osafunsa.

Loweruka limenelo, mxii. Ndinatuluka ku ntchito 7 koloko m'mawa, osagona, ndinasamba nkuyendetsa mphindi 40. Kufika anthu ali piringupiringu poti nyengo yosaka imayandikira, aliyense akufuna zipolopolo ndi majekete a orenji aja, ndinatenga nambala nkuima ola lathunthu ndi theka ndikuodzera chiimire pafupi ndi shelefu ya mipeni. Itakwana nthawi yanga mnyamata wa pa kaunta anatenga laisensi yanga yoyendetsera galimoto, nkundifunsa ngati adiresi ili pamenepo ndi yomwe ndikukhala. Ine chilungamo, ndinati ayi, imeneyo ndi ya ku Mishawaka, tinasamukira ku South Bend mu March. Basi nkhope inasintha, akuti sizitheka. Ndinatulutsa foni kumuonetsa bilu ya magetsi, akuti iyayi, pakufunika pepala lochokera ku boma lokhala ndi adiresi yatsopano, monga registration ya galimoto. Apa sananame, lamulo ndi lomwelo, kulakwa kunali kwanga. Chondiwawa nchakuti registration yokhala ndi adiresi yatsopano inalipo, mu galimoto ina ija tinagula mu June, yomwe mayi a kunyumba anali atanyamuka nayo kupita ku bridal shower ku Elkhart. Ndinawaimbira kanayi, foni ili mu handibagi, nyimbo zili pakamwa. Akanangondiuza pa foni Lachisanu lija kuti mubwere ndi zakutizakuti, mawu awiri okha, tsiku langa silikanapita pachabe.

Ndikutembenuka kuti ndizipita ndi pamene ndinaona kapepala komatidwa ndi selotepi m'mbali mwa kaunta, zilembo zing'onozing'ono ngati za pa paketi ya mankhwala. Transfer madola 75 pa mfuti iliyonse yogulidwa kwina. Kusunga, masiku 7 oyamba ulere, kenako madola 5 pa tsiku. Ndinafunsa kuti masiku 7 amenewa mukuwerenga kuyambira liti, akuti kuyambira tsiku lomwe bokosi lafika. Eti kuphatikizapo masiku atatu aja iwo eni ake amati sanailembe m'buku! Ndinangoti zikomo, nkutuluka, mu galimoto ndinakhala kaye mphindi khumi osaliza injini.

Ndiiwala, kwa ife obwera. Ngati muli ndi green card mukhoza kugula bwinobwino, koma tengani khadilo chifukwa fomu imafuna A-number yanu, nambala ya immigration ili pa khadipo. Ngati muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito nkhani ndi ina, lamulo limakaniza pokhapokha pali zina zapadera ngati laisensi yosakira, ndiye musamvere za pa WhatsApp, werengani malangizo a pa fomupo. Ndipo chonde chonde musagulire munthu wina. Funso loyamba pa mafunso a inde kapena ayi aja limafunsa ngati mfutiyo ndi yanudi, kugulira msuweni amene sangathe kugula yekha ndi mlandu woti ukhoza kukhala nawo m'ndende mpaka zaka 15 malinga ndi lamulo la 2022. Palinso funso la chamba. Ife tili pa malire penipeni ndi Michigan kumene chamba ndi chololedwa, anyamata amangodumphira ku Niles, koma fomuyi ndi ya federal ndipo kwa iwo chamba chikadali choletsedwa, zalembedwa poyera pomwepo. Zoika mfuti mu dilamu ya katundu wopita kumudzi ndiye musaziganizire nkomwe.

Tibwerere. Lachiwiri ndinapitanso, registration ili m'manja, green card ili m'thumba. Fomu ndinalemba pa kompyuta yawo, zonse bwino, mnyamata uja nkutumiza. Mayankho amakhala atatu, proceed, delayed kapena denied. Langa linabwera delayed. Mtima unagunda, ndimaganiza kuti mwina ndi tikiti ya spidi ya 2019 ija, koma ayi, kwa ife amene si nzika zimachitikachitika chifukwa amafunsanso ku mbali ya immigration, ndipo nthawi zina dzina limangofanana ndi la wina. Zimenezi sindinadandaule nazo, ntchito yawo ndi imeneyo. Lamulo limati akadutsa masiku atatu a ntchito popanda yankho, wogulitsa akhoza kukupatsa mfuti. Akhoza, osati ayenera, mawu amenewa muwasunge. Ndinawerenga zala, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, ndiye Loweruka ndinaimba. Akuti ife pano sitipereka popanda proceed, ndi lamulo la kampani. Chabwino, ndi ufulu wawo, sindikutsutsa. Nanga madola 5 pa tsiku aja mwaimitsa poti amene mukusunga ndinu? Akuti ayi, mita ikuyenda. Ndinapempha manijala, akuti ali ku lanchi. 10 koloko m'mawa.

Proceed inabwera Lolemba, iwo anandiimbira Lachiwiri. Risiti: 75 kuphatikiza 35 ya kusunga, 110. Tsopano werengani nane, 280 ya mfuti, 35 yotumizira, msonkho wa 7 peresenti, ndi 110 iyi, zikudutsa 440. Ndikusayina ndinakweza maso, kumbuyo kwa mnyamatayo pa khoma pali Mossberg 500 yatsopano, ya m'bokosi, mtengo 399, ndipo ukagula yawo palibe transfer fee. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ndi pamene ndinazindikira kuti 75 ija si mtengo wa ntchito, ndi chilango choti unakagula kwina, mashopu aakulu safuna kukhala positi ofesi ya anthu ogula pa intaneti. Mayi a kunyumba ataona risiti anangoti, "Bambo a Chiko, nyama ya gwapeyo ikhale yokoma ndithu," nkubwerera ku khitchini.

Ndiye mu January nditafuna kamfuti ka .22 kophunzirira kuombera, poti zipolopolo zake ndi zotchipa, ndinati ulendo uno ayi. Ndinayamba ndi kufuna wolandira, mfuti pambuyo. A ATF, bungwe la boma loyang'anira za mfuti, amaika pa webusaiti yawo mndandanda wa onse a laisensi, state iliyonse payokha, ndinautsitsa nkusefa ndi zip code. Muziyang'ana a type 01, amenewo ndi ogulitsa wamba, ndi a type 02 omwe ndi ma pawn shop. Mudzadabwa kuchuluka kwake, ena adiresi yake ndi nyumba wamba mu lokeshoni momwe mumadutsa tsiku ndi tsiku. Pa GunBroker paliponso posakira ndi zip code ndipo ena amalemba mitengo, koma musaikhulupirire, ina ndi ya kalekale, wina analemba 20 nditaimba akuti 45. Ndinaimbira asanu ndi anayi, anayankha asanu. Pawn shop ina 40, shopu ya pa malo oomberera 50 koma 30 ukakhala membala, ina akuti sitilandira mfuti yochokera kwa munthu wamba pokhapokha atumize ndi FFL mnzathu, zomwe zikutanthauza kuti wogulitsa uja akalipiranso kwawo nkukuwonjezera iwe pa mtengo.

Mafunso anga anali omwewo kwa aliyense, ndinachita kuwalemba kuseri kwa envelopu. Zonse pamodzi ndi zingati, palibe kena kobisika? Mumalandira kuchokera kwa munthu wamba? Kusunga mumalipiritsa, kuyambira liti? Ikabwera delayed mumatani, mumapereka atadutsa masiku atatu kapena mumadikira, nanga podikirapo ndalama ikuwerengedwa? Ikakanidwa mfuti imapita kuti, ndani alipira kubweza? Amene akuyankha monyinyirika pa foni, dziwani kuti pa kaunta zidzaposa apo.

Amene ndinamupeza sanachokere pa mndandanda poyamba, anandiuza ndi mdala wina amene anatiphunzitsa kosi ya alenje ija, kenako ndinakamupeza pa mndandandawo. Bambo wachikulire wopuma pa ntchito, amapangira kunyumba kwake, kachipinda kuseri kwa galaja, muli sefa yaikulu, tebulo, hita yamagetsi ndi galu wokalamba amene anagona pa phazi langa nthawi yonse. Madola 25, kashi, mfuti yachiwiri pa tsiku lomwelo 10. Poyamba ndinakayika, munthu kunyumba kwake zoona? Ndinaika nambala ya laisensi yake pa FFL eZ Check ya ATF, inatuluka kuti ndi yamoyo, dzina ndi adiresi zofanana. Iye mwini anatumiza kope ya laisensi kwa wogulitsa pa imelo tsiku lomwelo, nkundiuza kuti ndimuuze wogulitsayo aike dzina langa ndi nambala ya foni m'bokosi, chifukwa akuti mabokosi ena amafika opanda dzina iye nkumasowa mwini wake sabata yathunthu.

Bokosi litafika anandilembera meseji madzulo omwewo, ndi mndandanda wa zoti ndibwere nazo. Laisensi yoyendetsera ndinali nditasintha kale adiresi, phunziro lija linalowa. Asanandipatse fomu anati tsegula kaye bokosi uyang'ane mfutiyo bwinobwino, ngati ndi yosweka kapena si imene unagula ikane pompano, ukasayina ndi yako. Ku shopu yaikulu kuja palibe anandiuza zimenezi, ndinangosayina ngati ndikulandira phukusi la ufa. Delayed inabweranso, iye osadabwa nkomwe, anati anthu a green card amene amabwera kwa iye ambiri zimatero, pita kunyumba ndikuimbira, kusunga sindilipiritsa. Anandiuzanso kuti zikamachitika kawirikawiri ndikhoza kupempha nambala yotchedwa UPIN ku FBI, umatumiza zidindo za zala, nkumailemba pa fomu ulendo uliwonse kuti asamakusokoneze ndi wina, komanso kuti kafukufuku mmodzi amagwira ntchito masiku 30 okha, ukachedwa kukatenga muyambiranso. Yankho linabwera mawa lake masana.

Vuto lake la anthu a kunyumbawa ndi nthawi, alibe maola okhazikika, uyu Lachitatu sapezeka ndipo mu February amapita kwa mwana wake ku Florida, ndiye mufunse ngati adzakhalepo sabata yomwe bokosi likufika, chifukwa pamafunika munthu wamkulu wosayinira. Ndipo ngati ndi pisito, wolandira akhale wa mu state yomwe mukukhala, zaka 21 kupita m'mwamba, musaone kutchipa kwa tsidya la malire.

Imbani kaye foni abale, musanadine batani lolipira. Gwape ndiye sindinaphe, ndinakhala mu mtengo maola asanu pa chisanu cha November zala zitauma gwa, anadutsa mmodzi yekha ndili mkati motsegula fulasiki ya tiyi.