Zikomo alakatuli athu

Mtima wanga uli mbee, ndiloleni ndithokoze poyera. Gulu lathu la zisudzo litalandira mphoto pa Mangochi Boma paja, mmalo mwa sipichi tinalakatula ndakatulo, koma sitinalembe ife ayi, ndi achimwene aja a kwa M'baluku, osatilipitsa olo tambala. Amaoloka buliji ya Bakili Muluzi pa kabaza kudzatiuza popumira, pokwezera mawu, mzere wa Chiyao uja anatibwerezetsa mpaka lilime linafewa, ifenso tikuwaphunzitsa kuima pa siteji osabisa nkhope kupepala. Mangochi ndi kwawo kwa mlakatuli wotchuka Jack Mapanje, zimaonekadi! Achimwene, zikomo kwambiri. Nanunso amayi osadziwika munayambitsa nthungululu kumbuyo kwa holo kuja, Mulungu akudalitseni.