Mvula ya m'nsungwi yayamba kuyenda kona ndi kona

Tsopano zatheka. Phokoso la mvula, lochokera ku mapira otsetsereka m'kati mwa nsungwi, likuyambira kona ya kummawa, kuzungulira chipinda n'kukathera kumpoto osadukiza.

Kamangidwe kake n'kotere: nsungwi zinayi za mita imodzi, iliyonse pakona pake, zopendeketsedwa ndi kebulo ya buleki ya njinga ndipo mpira wa chubu ndiwo ukuzibweza. Makebulo onse akukokedwa ndi makamu a thabwa (timatabwa tomwe tikamazungulira timakoka kebulo n'kuimasula) pa shafiti imodzi, mota ndi ya waipa ya galimoto ya 12V.

Chomwe chinadya masiku n'chakuti mapira ankakhuthuka kamodzi, khwaa, kenako zii. Mvula sigwa choncho. Mota ya waipa imazungulira pafupifupi ka 45 pa mphindi, ndipo kuitsitsa ndi PWM (njira yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kuti mota ichepetse liwiro) yokha sikuthandiza. Imafooka, kamu ikafika pokwera imaima n'kuyamba kutentha, chonsecho kuno ku Chikwawa mu Okutobala kunja kumakhala kutadutsa kale madigiri 40. Pamafunika magiya: la mano 16 liyendetse la 48, kawiri, liwiro litsike kufika pa 5. PWM ingochepetsako pang'ono mpaka 3.

Koma gwero lenileni la vutoli linali kamu. Yozungulira yoboola pambali imathamanga pakati pa ulendo, pomwe nsungwi ikudutsa poyala ndipo mbewu zikuyamba kutsetsereka. Dulani yooneka ngati mtima, imakoka mofanana popita ndi pobwera. Komanso makamu asiyane ndi madigiri 45, osati 90, chifukwa nsungwi imathira kawiri shafiti ikazungulira kamodzi. Pa 90, makona oyang'anizana amalira pamodzi, khutu silimvanso komwe mvula ikulowera.

Misomali ya inchi imodzi ilowe m'nsungwi mozungulira, masentimita awiri pakati pake, ndipo boolani kaye. Nsungwi youma ndi dzuwa la kuno imang'aluka mukangokhoma. Mapira amalira ngati mvula yowaza ya chiperoni, koma akazingeni, apo ayi anankafumbwe awasandutsa ufa. Timiyala tosefa mumchenga wa mtsinje wa Mwanza timamveka ngati mvula yoyamba padenga la malata, ndipo ine ndimakonda timeneti.

Magiya ndi matcheni akale, okonza njinga za kabaza pa Nchalo ali nazo zambiri. Mota yabwino ndiye mpaka mumsika wa Ndirande.

Bingu la lata lopachika likulirabe mopyapyala, pakufunika lalitali. Likatheka, pabwere ng'oma yokhula lona yoti izimveka ngati mphepo ya mwera, nsungwi zifike zisanu ndi zitatu, zonse pa sola, kuti dzinja lonse lizidutsa m'chipinda chimodzi.